Kachisi wa ku Taoyuan ndi matabwa ake

Akonzi,

Tiloleni tifotokozereko owerenga za kachisi wa ku Taoyuan m'dziko la Taiwan, amene lero amakumbukiramo ofera dziko. Sitigwirizana ndi maganizo akuti nyumba yosiyidwa ndi atsamunda ndi yofunika kugwetsa basi.

Dziko la Japan linalamulira Taiwan kuyambira 1895 mpaka 1945. Kachisiyu, wa chipembedzo cha ku Japan chotchedwa Shinto, anamalizidwa mu 1938 pa phiri la Hutou, ndipo mapulani ake anajambula ndi Haruta Naonobu. Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha, boma latsopano linachotsamo milungu ya Chijapani n'kuikamo timatabwa tolembedwa mayina a ngwazi monga Koxinga, mtsogoleri wankhondo amene anathamangitsa Adatchi ku Taiwan. Ubale wa maiko awiriwa utatha mu 1972, akachisi ambiri otere anaphwasulidwa. Uyunso anatsala pang'ono kugwetsedwa mu 1985, koma anthu anakana. Anakonzedwa, ndipo mu 1994 anaikidwa m'kaundula wa malo otetezedwa.

Wobwera amayamba wadutsa pa chipata cha torii, chimene mtanda wake wapamwamba unachotsedwa kuti chisaoneke cha Chijapani. Kenako pali posambira m'manja ndi ofesi, ndiye masitepe okwera ku chipata chapakati, nyumba yopempherera, ndi kumtunda kwenikweni kanyumba kopatulika, honden. Denga la kanyumbaka ndi lalitali kutsogolo kuti liphimbe masitepe ake.

Chotidetsa nkhawa ndi matabwa. Ndi a hinoki, mtengo wonga mkungudza, ndipo mizati ndi mitanda yake imalumikizana mwa kuboola n'kulowetsana. Taiwan ndi dziko la chinyezi ndi chiswe, choncho mzati umayamba kuwola kumunsi. Wokonza wodziwa ntchito amaimika zochirikiza denga, n'kudula powola pokhapo, n'kusema thabwa la mtundu womwewo louma bwino kuti lilowepo. Wosadziwa amathira simenti kuzungulira mzati. Simentiyo imasunga madzi, ndiye kuwola kumakwera m'kati osaoneka. Penti wokhuthala amachita chimodzimodzi, chifukwa amatsekera chinyezi m'thabwa.

Denga ndi la mkuwa. Likasanduka lobiriwira si kuwonongeka ayi, ndi khungu lotetezera, ndipo wolipala akulifupikitsira moyo. Misomali yake iyeneranso kukhala ya mkuwa, popeza yachitsulo ikakhudzana ndi mkuwa pachinyezi imadyeka msanga, denga n'kuyamba kudontha pamutu pa mitanda.

Owerenga anu,
Okonda nyumba zakale