Tiphunzire kufunsa makina a AI tisanawakhulupirire

Akonzi,

Ndiloleni ndiyankhulepo za makina oyankha mafunso omwe achinyamata akungowatchula kuti AI, pakuti masiku ano munthu ukakwera minibasi ya ku Limbe kapena ukaima pamzere ku banki sulephera kumva wina akuti "ndafunsa ChatGPT", ngati kuti mlandu wathera pomwepo. Pulogalamu imeneyi inatulutsidwa ndi kampani ya OpenAI mu Novembala 2022, ndipo masiku ano imatha kufufuza pa intaneti isanayankhe, monga momwe Gemini ya Google, Copilot ya Microsoft ndi Perplexity zimachitira. Ine sindikuletsa anthu kuzigwiritsa ntchito, chifukwa nanenso zili mufoni mwanga. Chikundidetsa nkhawa ndi kafunsidwe kathu.

Mwana wa mchemwali wanga, yemwe amakhala nafe kuno ku Chilomoni, atamaliza Fomu 4 analemba pa imodzi mwa mapulogalamuwa funso la mawu anayi okha: "Ndingalowe bwanji ku Poly?" Yankho linabwera losanjika bwino, la Chingerezi chosalala, likufotokoza Polytechnic ngati koleji ya University of Malawi, chikhalirecho sukuluyi inaima payokha mu 2021 ndipo dzina lake tsopano ndi MUBAS. Mtsikanayo anali atayamba kale kukopera zonsezo mukope. Tinakhala pakhonde ndi kulembanso funsolo motere: "Ndine wophunzira wa ku Malawi, ndalemba mayeso a MSCE chaka chino ndipo ndikufuna maphunziro a uinjiniya ku MUBAS. Fufuza pa intaneti, tenga zinthu kuchokera pa masamba a MUBAS ndi a NCHE, bungwe loona za maphunziro a ukachenjede, okha, ndipo undiuze tsiku limene tsamba lililonse linalembedwa." Foni inali yomweyo, bandulo yomweyo, koma yankho lachiwirili linali lina ndithu, ndipo linatilozera kumene tikanatha kukaona tokha.

Chifukwa chake si chovuta kumvetsa. Makinawa anaphunzitsidwa pa zolemba zochuluka zomwe zinalekezera pa tsiku linalake, choncho akapanda kufufuza amayankha kuchokera m'zomwe anameza kalelo, ngati munthu amene anachoka mu Blantyre zaka zapitazo koma akulondolerabe alendo njira molimba mtima. Akafufuza, amatenga funso lanu, kulisandutsa mawu ofufuzira, kuwerenga masamba ochepa amene apezeka pamwamba, kenako kuwafupikitsa. Ngati funsolo ndi loperewera, masamba opezekawo amakhalanso osokera. Makolo anati safunsa anadya phula, koma apa ndaona kuti ngakhale wofunsa amalidya phulalo akafunsa mwaulesi.

Dzina la malo ndi pomwe ambiri timagwera. Ife tikati Blantyre timadziwa kuti ndi kuno kwa Ndirande ndi Soche, koma ku Scotland kuli Blantyre wina, kumene David Livingstone anabadwira mu 1813, ndipo mzinda wathu unatengera dzina kumeneko. Limbe naye ali ndi mnzake ku Cameroon, m'mphepete mwa nyanja yamchere. Munthu amene wafunsa za nyengo kapena za malo ogona osatchula Malawi asadabwe akapatsidwa za kwa eni ake.

Nkhani ya masiku ndiyo yoopsa kwambiri, makamaka pa zandalama. Mu Novembala 2023 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, itatsitsidwanso kale ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kotero mtengo wa simenti, feteleza kapena fizi umene unalembedwa izi zisanachitike ulibenso ntchito, ngakhale tsambalo likadalipo pa intaneti ndipo makinawo akhoza kulitola ngati la dzulo. Wofunsa mtengo wa mafuta a galimoto awauze makinawo kuti afune chikalata chomaliza cha MERA ndi tsiku lake, ndipo wofunsa za mphamvu ya kwacha awatumize ku Reserve Bank of Malawi. Ndi bwinonso kuwonjezera kuti, "ngati sunapeze, nena kuti sunapeze", chifukwa makinawa ali ndi chizolowezi chodzaza mpata ndi zopeka zomveka bwino m'malo movomera kuti agoma.

Pansi pa yankho pamakhala timalinki, ndipo ndaona kuti ambiri sitimatsegula, mwina poopa kutha kwa bandulo, zomwe ndikuzimvetsa. Komabe linki si umboni mpaka utaitsegula, pakuti nthawi zina tsambalo limanena zosiyana ndi zimene makina akuti likunena. Mu 2023 khoti lina ku New York linalipiritsa maloya madola 5,000 atapereka zigamulo za milandu zomwe ChatGPT inangopeka, iwo osazitsimikiza. Ngati anthu ophunzira malamulo anagwa chagada chotero, kuli bwanji mwana wa Fomu 2 amene akulemba homuweki usiku ndi tochi ya foni?

Pa chiyankhulo, zomwe ndaona ine ndi zakuti Chichewa makinawa amachimva ndithu, koma zolembedwa m'Chichewa pa intaneti ndi zochepa, choncho ndimawauza kuti afufuze m'Chingerezi ndi m'Chichewa momwe, kenako andifotokozere m'Chichewa. Miyambi yokha musawadalire, amaimasulira ngati mlendo.

Gawo lina la vutoli si la makina kapena la wofunsa, koma la maofesi athu. Zidziwitso zambiri zofunika, monga za kuzima kwa magetsi, kusowa kwa madzi, mwayi wa ntchito ndi masiku olembetsera sukulu, zimatuluka ngati chithunzi cha kalata chojambulidwa ndi foni ndi kuponyedwa pa Facebook kapena m'magulu a WhatsApp, kumene makina ofufuza safikako bwino, pomwe tsamba lenileni la ofesiyo latha miyezi osakonzedwa. Ndikupempha nthambi za boma, makhonsolo ndi sukulu za ukachenjede kuti chidziwitso chilichonse chizilembedwanso m'mawu pa tsamba lawo, tsiku lake lili pamwamba, ndipo chakale chizichotsedwa kapena kulembedwa kuti chinatha ntchito.

Wowerenga wanu,
Chilomoni, Blantyre