Musanagule sports car yogundidwa, lowani kaye pansi pake

Akonzi,

Ndipatseniko mpata ndiyankhule ndi achinyamata amene mtima wawo wagwa pa galimoto zaliwiro zija amati sports car, makamaka zomwe zikugulitsidwa motchipa chifukwa zinachitapo ngozi. Ine ntchito yanga ndi yowongola magalimoto ndi kupopera penti kuno ku Lilongwe, ndipo masiku ano mafoni ambiri omwe ndikulandira funso lake ndi limodzi, akuti abwana ndapeza Toyota 86 yophwanyika fenda ndi bampa basi, mwini wake akufuna ndalama mwachangu, nditenge? Ena ndi Mazda RX-8, ena Subaru Impreza WRX, wina Nissan Fairlady. Sindikuwadzudzula ayi, galimoto zimenezi ndi zokongola ndipo ndikudziwa kuti chitsikireni kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023 kuyitanitsa yabwinobwino kuchokera ku Japan kudutsa pa Dar es Salaam mpaka pa Songwe kwasanduka maloto kwa anthu ambiri, ndiye munthu ukaona yogundidwa ili pompano, msonkho unalipiridwa kale, mtengo uli pansi, mtima umadumpha ndithu.

Maganizo anga ndi awa, ndipo ena adabwa nawo. Galimoto yomwe mukuiona ndi maso kuti apa panagundidwa, sinakonzedwe, ine sindiyiopa kwambiri. Yomwe ndimaiopa ndi ija yonyezimira, yangotuluka kumene kopopera penti, wogulitsa nkumati inangokhudzidwa pang'ono pa geti. Yosakonzayo ikukuuzani yokha komwe inamenyedwa, mphamvu inalowera mbali iti, inathera pati. Yopakidwayo nkhani yonse inakwiriridwa pansi pa fila, phala lija timamata pobonyoka, ndi penti, ndi chija akulu anati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Ndikunena izi ngati munthu amene fila ndimamugwira tsiku ndi tsiku, ndikudziwa kuchuluka kwa zomwe angabise.

Thupi la galimoto lili pawiri. Pali zomangidwa ndi mabawuti, monga bampa, boneti, mafenda akutsogolo, zitseko, chitseko cha buti, magetsi. Izi zikaphwanyika mumamasula nkuikapo zina, galimoto imabwerera mwakale. Koma pali zina zowotchereredwa kufakitale zomwe ndi mafupa enieni a galimoto, njanji ziwiri za chasisi zomwe injini imakhalapo, mitu yomwe mashoko amamangidwamo, mizati yogwira denga, pansi pa zitseko, ndi mafenda akumbuyo omwe ambiri sadziwa kuti samasulidwa, ndi chidutswa chimodzi ndi thupi lonse. Galimoto zing'onozing'ono zamasiku ano zilibe chasisi yapayokha ngati ya Hilux kapena Land Cruiser, thupi lomwelo ndiye chasisi. Likapindika ndiye kuti mateyala anayi aja sakuyang'ananso kumodzi. Pa Passo yoyendera kumsika wa Lizulu mwina mukhoza kupirira nazo, ingomadya mateyala basi. Koma galimoto yomwe mwaigula dala kuti muzithamanga nayo, ya mphamvu zonse kumateyala akumbuyo ngati 86 kapena Fairlady, ikakhala yokhota ndiye pakona mvula itagwa pa M1 imakutembenukirani musanadziwe nkomwe chachitika.

Ndiye mukapita kokaiona musapite madzulo, musapite mvula ikugwa, ndipo musalole kukumana pa filling station nkumaliza dilu pompo. Pitani nayo pagalaja pomwe pali dzenje kapena chokwezera, mulowe pansi ndi tochi inu eni ake, zovala zide palibe kanthu. Yang'anani njanji za chasisi kuchokera kutsogolo komwe kuli radiyeta mpaka kumbuyo kwa injini, chitsulo chakufakitale chimakhala chosalala, timadontho towotcherera tili mumzere motalikirana mofanana. Mukaona makwinya, kapena penti yothetheka pamalo amodzi, kapena malo akuda osonyeza kuti panadutsa moto wa gasi, dziwani kuti wina anakokapo ndi tcheni atamangirira pamtengo wa mango. Ife tomwe timachita zimenezo kasitomala akakakamira zotchipa, ndipo chitsulo chikatenthedwa choncho chimafewa, tsiku la ngozi ina sichigwiranso ntchito yake. Tsegulani buti, chotsani kapeti ndi teyala lapadera, onani pansi pake ngati pali pofwanyika kapena madzi odikha. Tengani tepi muyeze kuchokera pakati pa teyala lakutsogolo kufika pakati pa lakumbuyo, kumanja ndi kumanzere, chiwongolero chili chowongoka, manambala akuyenera kufanana. Onani mipata ya pakati pa chitseko ndi fenda, pakati pa boneti ndi magetsi, ngati uku chala chikulowa uku sichikulowa pali nkhani. Mabawuti a fenda ndi a mahinjesi akhale ndi penti yawo, akakhala okalika ndi sipanala ndiye kuti anamasulidwapo, funsani chifukwa chake.

Anthu ambiri amadziwa njira ya maginito, kuti ukayendetsa maginito pathupi la galimoto pomwe pali fila wambiri sagwira. Ndi zoona koma pa galimoto izi samalani, boneti ya Toyota 86 ndi ya aluminiyamu, ya RX-8 nayonso pamodzi ndi tizitseko take takumbuyo, ndiye maginito sagwira ngakhale palibe vuto lililonse. Ndipo aluminiyamu ameneyo ndi mutu wina, akapindika sawongoka ngati chitsulo wamba, amang'ambika, ndipo owotcherera aluminiyamu bwinobwino ndi ochepa, nthawi zambiri mumangofunika boneti ina.

Pamenepa ndi pomwe ndalama zimathera. Fenda ya Corolla, ya Vitz, ya Sienta mukangofika ku Biwi kapena ku Ndirande muipeza lero lomwe, mwinanso ya mtundu womwewo osafunika kupenta. Fenda ya RX-8 mukaipeza kuti? Mazda anasiya kupanga galimoto imeneyi mu 2012, ndipo kuno zinabwera zowerengeka. Ndiye kuitanitsa ku Japan kapena ku Joni kapena ku Dubai, ndi ndalama zakunja zomwe kubanki kulibe, mtengo wotumizira, msonkho wa MRA pamwamba, kenako kudikira, galimoto ili pamwala pakhomo ana akuseweramo. Magetsi akutsogolo okha a galimoto ngati izi amatha kudya ndalama yonse yomwe mumati mwapulumutsa pogula yogundidwa. Choncho musanapereke ngakhale tambala, lembani chilichonse chophwanyika papepala, mpaka timapulasitiki togwira bampa ndi mafani a radiyeta, mufunse mtengo wa chilichonse chitafika m'manja mwanu osati mtengo wa pa intaneti, muphatikize ndi ntchito ya owongola ndi penti. Mukaphatikiza zonse ndi mtengo wogulira nkupeza kuti zikuyandikira mtengo wa yosagundidwa, isiyeni, chifukwa tsiku lodzagulitsa inuyo anthu adzaitchulabe kuti ija inachita ngozi ija.

China chomwe chimandiwawa mtima kwambiri ndi ma airbag, matumba ansalu aja amafufuma pangozi kuti ateteze okwera. Galimoto ikagundidwa kutsogolo mwamphamvu amaphulika, malamba a mipando nawo amakoka nkuuma, ndipo kubwezeretsa zonsezi pamodzi ndi kompyuta yake ndi ndalama zambiri. Ndiye ena amangodula nsalu ija, kumata chivundikiro cha chiwongolero ndi guluu, kuchotsa kababu kochenjeza pa dashibodi, basi yatha. Ndinaonapo ina ataitsegula m'chiwongolero muli masanza. Kuyesa kwake nkosavuta, tembenuzani kiyi osaliza injini, kagetsi ka airbag kakuyenera kuyaka kwa masekondi angapo kenako nkuzima kokha. Kakapanda kuyaka nkomwe pali chinyengo, kakakhalabe koyaka pali vuto. Kokani lamba aliyense muone ngati akubwerera yekha. Mnyamata wazaka 25 atakwera galimoto yothamanga chotere yopanda airbag, mnzake kapena chibwenzi chake ali pambali, ine monga kholo zimandisowetsa mtendere.

Komanso tizikumbukira kuti sports car kawirikawiri sichita ngozi ili pa liwiro la 40. Amene anaigunditsa kawirikawiri amaithamangitsa, ndipo munthu woyendetsa motero injini, kilatchi ndi giya bokosi nazo zinaona zakuda. RX-8 injini yake ndi ya rotary, ilibe mapisitoni ngati zinazi, imadya oyilo mwachibadwa ndipo mwini wake akapanda kumathira tizitsulo totseka m'kati timatha, mphamvu nkuyamba kuthawa. Chizindikiro chake nchakuti ikazizira imalira bwinobwino koma ikatentha mukaizimitsa imavuta kulizanso. Ndiye yendani nayo mpaka itenthe, zimitsani, dikirani pang'ono, lizaninso. Wogulitsa akakana kuti muchite zimenezo mwadziwa kale yankho. Ndipo dzifunseni kuti makanika wanu uja anayamba watsegulapo rotary? Subaru WRX nayo imakoka ndi mateyala onse anayi, ikamenyedwa pa teyala limodzi vuto limatha kulowa mpaka m'ma difu, magiya ogawa mphamvu ya injini kumateyala, ndipo imafuna mateyala anayi ofanana kukula ndi kutha kwake, osati kaunjika uyu apa wina apo. Ngati radiyeta inaboka pangoziyo funsani ngati injini inapitiriza kulira madzi atatayika, tsegulani chotsekera oyilo muone ngati mulibe zoyera ngati mkaka, chizindikiro choti madzi analowa mu oyilo.

Mapepala nawo amayankhula. Galimoto zambiri zochokera ku Japan zimadutsa pa okushoni ndipo kumeneko zimalembedwa pepala la momwe zilili, giredi R kapena RA imatanthauza kuti inachitapo ngozi nkukonzedwa, pachithunzi cha galimoto chilembo A ndi pokalika, U ndi pobonyoka, W ndi pomwe panakonzedwapo, XX ndi chidutswa chomwe chinasinthidwa. Ndi nambala ya chasisi nthawi zambiri pepalalo limapezeka pa intaneti polipira kandalama pang'ono. Zochokera ku UK zomwe a inshuwalansi anazitaya zimalembedwa Cat S ngati mafupa aja anakhudzidwa, Cat N ngati sanakhudzidwe, mayina amenewa anayamba mu 2017, kale ankati Cat C ndi Cat D. Ku South Africa mukamva Code 3 ndiye kuti inaphwanyika kwambiri nkumangidwanso. Anzathu kumeneko mbiri ya galimoto imaitsatira pamapepala, kuno ikagundidwa pa Kanengo nkukonzedwa ku Mchesi wogula wachitatu sadziwa kalikonse. Nambala ya chasisi ya pathupi ifanane ndi ya pa blue book, ndipo yang'anitsitsani mozungulira nambalayo ngati sipanawotchereredwe, chifukwa kuli anthu amene amalumikiza galimoto ziwiri, kutsogolo kwa ina kumbuyo kwa ina. Pitani limodzi ndi mwini wake weniweni ku Road Traffic kukasintha umwini, osati kudzera mwa madobadoba, ndipo afunseni a inshuwalansi musanagule ngati angailandire pa comprehensive ikakonzedwa. COF yokha, chiphaso chija choti galimoto ndi yoyenera kuyenda pamsewu, isakupusitseni, siyeza ngati chasisi inawongoledwa ndi moto.

Za misewu yathu sindichulutsa, aliyense akudziwa. Toyota 86 kuchokera pansi ndi masentimita 13 okha, ndiye mahampu a m'tauni, maenje, ndi msewu wafumbi wopita kwanu ku Area 25 kapena ku Machinjiri nthawi ya dzinja, bampa yatsopano mwagula movutikira ija izikhula tsiku lililonse. Fairlady ija injini yake ndi ya malita 3.5, tsiku lomwe mafuta asowa mukagone pamzere mukudziwa zimenezo.

Ndiye nditenge kapena ndisatenge? Ine mnyamata akabwera nayo pagalaja, tikalowa pansi nkupeza njanji zili zowongoka, mizati sinakhudzidwe, ma airbag sanaphulike, injini ikulira bwino itatentha, chophwanyika ndi bampa, fenda ndi getsi basi, ndipo iye ndalama ya masipeya ali nayo kale m'thumba osati yoti akakongole katapila, ndimamuuza kuti tenga, wachita mwayi, ndipo tikonza wekha ukuona chilichonse chomwe tikuikapo. Koma pakapezeka kuti mutu wa shoko unasuntha, kapena denga lili ndi khwinya pamwamba pa chitseko, kapena inamenyedwa m'mbali makamaka RX-8 yomwe ilibe mzati wapakati pa zitseko zake, ndimamuuza kuti ngakhale akupatse theka la mtengo usatenge, ndipo ntchito yoikonza ndimaikana ngakhale ndalamayo ndikuifuna.

Pempho langa kwa a Road Traffic ndi makampani a inshuwalansi ndi lakuti aganizireko zoti galimoto iliyonse yomwe inshuwalansi yaitaya chifukwa cha ngozi izilembedwa mu kompyuta yawo mpaka pa blue book, ndipo isanabwerere pamsewu iziyezedwa chasisi ndi ma airbag, osangoti mabuleki ndi magetsi. Kwa anzanga owongola magalimoto ku Biwi, ku Kawale, ku Ndirande ndi ku Mzuzu, tikaikonza tizijambula zithunzi isanakonzedwe, ili mkati mokonzedwa ndi itatha, nkumupatsa mwini wake kuti wodzagula mawa adzazione.

Ine wanu,
Wowongola magalimoto,
Lilongwe