Lipoti la msonkhano wa alezi: mmene mwana amagwirira tanthauzo la mawu atsopano

Alezi anzanga, zikomo pondituma ku msonkhano uja. Za ukhondo ndi kalembedwe ka kaundula ndidzafotokoza tikakumana. Pano ndikhazikike pa phunziro limodzi lomwe silikundichoka m'mutu.

Wotiphunzitsa anayamba ndi kafukufuku wa mu 1978 wa Susan Carey ndi Elsa Bartlett ku America. Mphunzitsi ankaika mathireyi awiri, lina labuluu lina lobiriwira moderako, n'kutuma mwana wa zaka zitatu kuti abweretse la "chromium", osati labuluu. Ana aja anali asanamvepo mawuwo, koma ankanyamula thireyi loyenera. Nzeru yake ndi yakuti labuluu akulidziwa kale, choncho mawu achilendowo ayenera kukhala a linalo. Patapita masiku, ena ankakumbukirabe kuti mawuwo akunena za mtundu, ngakhale mtundu weniweniwo ankauphonya. Apa anatichenjeza kuti kumva kamodzi kumangotsegula njira, tanthauzo limakhwima pang'onopang'ono. N'chifukwa chake mwana amayamba watchula mbuzi ndi mphaka kuti "galu". Tisamuseke kapena kumukalipira. Tizingomuyankha kuti, "Eee, ili ndi miyendo inayi ngati galu, koma iyi ndi mbuzi, tamva mmene ikulirira."

Chomwe chinandikhudza kwambiri ndi ntchito ya Dare Baldwin ya kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990. Mwana akusewera ndi chidole m'manja, munthu wamkulu n'kusuzumira m'ndowa, n'kutchula dzina lachilendo. Ana a chaka ndi theka ankadzutsa mutu, n'kuyang'ana kumene maso a wamkuluyo aloza, ndipo dzinalo ankalipereka kwa chinthu cha m'ndowacho, osati chomwe agwira. Ndinachita manyazi nditamva izi. Sabata yapitayo kamtsikana kena m'kalasi mwanga kanagwada pansi kakuyang'anitsitsa chiwala, ine ndili kalikiliki kukuwa mayina a zithunzi za pakhoma, nkhope yanga ili kwina. Kanandiyang'ana kawiri konse kudikira kuti ndinene kanthu. Ndinakauza kuti kakhale pansi. Tsiku limenelo mawu akuti "chiwala" akanalowa mosavuta, koma ndinawataya ndekha.

Pokambirana m'magulu ndinaperekapo ganizo langa, loti chilankhulo chathu chimamuthandiza mwana pachokha. Akamva "wagwa" kawirikawiri amafunafuna munthu, akamva "chagwa" amafunafuna chinthu. Choncho tizilankhula nawo ziganizo zathunthu, osati kumangowabwerezetsa liwu limodzilimodzi mokuwa.

Pempho langa ndi lakuti mwezi ukubwerawu aliyense asankhe mawu 5 pa sabata, aziwatchula pa zochitika zosiyanasiyana, pamene mwanayo akuyang'ana kapena wagwira chinthucho. Tizilemba m'kope mmene ana akuwagwiritsira ntchito, ndi zophonya zomwe. Makopewo tidzabwere nawo pa msonkhano wathu wotsatira, ndipo amene tili ndi ana ambiri m'kalasi tidzathandizane nzeru ya mmene tingafikire aliyense, chifukwa funso limeneli ndinalifunsa kumeneko koma nthawi inatithera.