Kwa inu amene munandigulitsa rauta pa Chitakale: bwerani mudzaone nokha 8 koloko usiku

Akuluakulu a kampani ya intaneti, ndalemba pano pagulu chifukwa pafoni takanika kumvana. Mwezi uno wokha ndaimba kasanu, ndipo kasanu konseko yankho ndi limodzi: "Bwana, zimitsani rauta, mudikire pang'ono, kenako muyatsenso." Ndazimitsa, ndadikira, ndayatsanso. Vuto la intaneti yodukaduka usiku likadali pomwepo, bandulo ya mwezi ikungotha.

Ndimakhala pa Chitakale, pafupi ndi Mulanje boma. Mng'ono wanga ali ku Joni, chino ndi chaka chachinayi asanaponde kumudzi. Pafoni ndi munthu wosatha kucheza, amangoti "ndili bwino achimwene, amayi adzuka bwanji," basi nkhani yatha. Koma tikayatsa PlayStation, iye uko ine kuno, n'kuyamba kumenya mpira wa EA Sports FC, m'pamene amamasuka. Ali mkati mothamangitsa mpira amandiuza za lendi, za abwana ake, za chifuwa chimene chinamugwira nthawi yozizira. Ndiye wina asaganize kuti ndikudandaulira zoseweretsa za ana. Ndikudandaulira ola limodzi limene ndimakhala ndi m'bale wanga pa sabata.

Tsiku logula rauta, kachipangizo kolandira intaneti kuchokera pa nsanja yanu, ndinamufunsa mnyamata wanu momveka bwino ngati chipangizochi chingathe masewero a pa intaneti. Anati palibe kusiyana ndi intaneti ya waya, n'kundionetsa pafoni pake manambala a liwiro. Inali 10 koloko m'mawa, anthu ali kumunda, ena ali kothyola tiyi. Ndinamukhulupirira, ndinalipira.

Zimene sanandiuze, ndipo ndazidziwa nditaluza kale ndalama, n'zakuti masewero safuna liwiro lalikulu ngati kukopera filimu. Amafuna kuti ukadina batani, uthenga upite kumene kuli seva, kompyuta yoyendetsa masewerowo, n'kubwerako msanga, ndipo nthawi yake isamasinthesinthe. Ndiyo ping imene osewera timangoitchula ija, imayezedwa m'mamilisekondi. Ndikudziwa kuti Malawi alibe nyanja, ndipo intaneti yathu imayenda pamtunda kudzera m'mayiko oyandikana nafe isanakafike ku nthambo za pansi pa nyanja monga SEACOM ndi EASSy. Ndikudziwanso kuti Johannesburg ili pa mtunda woposa makilomita 1,000 kuchokera kuno, ndipo ngakhale kuwala koyenda mu faiba, waya wa galasi wonyamula intaneti, kumatenga pafupifupi milisekondi imodzi pa makilomita 200 alionse. Za mtundazo sindikukuimbani mlandu. Mlandu wanu uli pa kachigawo kakafupi, kuchokera pawindo langa kukafika pa nsanja yanu.

Poyamba ndinkaganiza kuti vuto ndi nyumba yanga. Ndi ya njerwa zowotcha, denga la malata. Rauta imakhala pawindo la kuchipinda chifukwa ndi pokhapo pamene netiweki imagwira bwino, pomwe PlayStation ili pabalaza, pakati pali makoma awiri. Ndinayesa Wi-Fi ya 5 GHz, yothamanga koma yofooka ikakumana ndi khoma. Ndinabwerera pa 2.4 GHz, imene imadutsa makoma bwinoko koma imalimbirana mpata ndi mafoni onse a m'nyumba ndi a anansi. Kenako mnzanga wina wokonza makompyuta anandiuza kuti ndisiye kudalira mphepo, ndigule waya. Ndinakwera minibasi mpaka ku Limbe, n'kugula waya wa Ethernet, Cat6 wa mamita 15. Ndinaboola khoma pamwamba pa chitseko ndi manja angawa, fumbi la simenti lili mbuu pamipando, mayi akunyumba akundiyang'ana osanena kanthu, n'kuukhomerera bwinobwino m'mbali mwa khoma mpaka kuseri kwa TV.

Ndinene zoona, waya unathandiza. Kudodoma kuja kobwera wina akangotsegula kanema pafoni kuchipinda kunachepa kwambiri. Kwa aliyense wosewera amene akuwerenga pano, ngati mungathe kukoka waya kuchokera pa rauta, kokani, umatha kufika mamita 100 osataya mphamvu. M'mawa wa Loweruka lina ndinasewera magemu atatu osadukiza, mpira ukumvera chala changa.

Koma likangolowa dzuwa, kuyambira cha m'ma 7 mpaka 10 koloko, zonse zimasokonekera. Kwa masabata awiri ndakhala ndikulemba m'kope. M'mawa ping imakhala cha m'ma 70, yokhazikika. Usiku imalumpha kupitirira 300, n'kutsika, n'kukweranso. Ukadina kuti upatsire mnzako mpira, wosewera amangoima ngati wamangidwa miyendo, ndipo chithunzi chikamadzabwerera umapeza goloboyi wako akutola mpira muukonde. Lamlungu lapitali zinaduka mng'ono wanga ali pakati pondifotokozera kuti ntchito yamuthera. Ndinakhala mphindi makumi awiri ndikuyang'ana kachizungulire pa TV, osadziwa kuti wamaliza bwanji mawu akewo.

Chifukwa chake n'chosabisika. Waya wanga umathera pa rauta. Kuchoka pamenepo kupita pa nsanja yanu ndi mphepo yokhayokha, ndipo mphepo imeneyo timagawana tonse a dera lino. Madzulo anthu akaweruka, aliyense ali pa WhatsApp, pa Facebook, pa TikTok, nsanja imalemedwa. Inu mukupitiriza kugulitsa marauta atsopano pa nsanja yomweyo osaiwonjezera mphamvu. Mtsikana wina wa ku ofesi yanu anandiuza kuti ndi chifukwa cha phiri ndi chiperoni. Amayi, phiri la Mulanje limakhala pomwepo m'mawa ndi usiku womwe, ndipo m'kope langa muli masiku a thambo loyera, phiri likuoneka bwinobwino masana, koma usiku wake ping ili yemweyo wolumphalumpha.

Palinso ziwiri zimene ndinafunsa osayankhidwa. Magetsi akathima, ine ndili ndi batire la sola loyendetsa rauta ndi TV, koma pasanathe ola netiweki yanu imazimiririka. Kodi mabatire a pa nsanja ija alipo, nanga anasinthidwa liti? China, PlayStation yanga imaonetsa NAT Type 3, imene imavutitsa kulumikizana ndi osewera ena ngakhalenso kulankhulana pagemu. Nditafunsa ngati mungandithandize kuti ifike pa Type 2, amene anayankha foni anati sanamvepo za zimenezo, ndipo sanandilumikize kwa wina wodziwa.

Mu Malichi 2023, namondwe Freddy atakokolola misewu, milatho ndi mapolo kuno ku Mulanje, tinakhala masiku opanda netiweki ndipo palibe anakutukwanani. Tinkaona ndi maso athu zimene zinachitika, tinali pa maliro a abale athu. Anthu a kuno timadziwa kupirira pakakhala chifukwa. Pano palibe namondwe.

Chimene ndikupempha choyamba ndi chilungamo pa nkhani ya faiba. Ngati muli ndi dongosolo lofikitsa waya m'nyumba za pa boma ndi pa Chitakale, nenani chaka chake ndi mtengo wake, ine ndiyamba kusunga ndalama lero. Ngati mulibe, nenaninso, ndileke kudikira. Auzeninso anyamata anu ogulitsa asiye kunena kuti rauta ya 4G ndi chimodzimodzi ndi waya, chifukwa si zoona ndipo akupweteketsa anthu osauka amene asonkha ndalama movutikira. Dandaulo langa mulipatse nambala yoti ndizilondolera, chifukwa ndikaimba ndimayambiranso kufotokoza ngati mlendo. Pakatha masiku khumi ndi anayi popanda yankho, kope langa lija ndilitengera ku MACRA, amene ntchito yawo ndi kumva madandaulo ngati amenewa.

Ndipo katswiri wanu akamabwera, asabwere 10 koloko m'mawa. Abwere Loweruka 8 koloko usiku, adzakhale pampando wa pabalaza panga, ndimupatse kontirola m'manja. Mng'ono wanga adzakhala akudikira mbali inayo.