Odwazika matenda nawonso aziwafunsa za umoyo wawo

A Mkonzi,

Ndiloleni ndilankhulepo za nkhawa, makamaka ya odwazika matenda, vuto limene kuno ku Chipata timalitenga ngati kuchepa mtima chabe. Munthu akadandaula kuti tulo sakuliona, mtima ukungogunda, mantha akumugwira popanda chomuopsa, abale amangoti "limbani mtima amayi", ena amati ndi BP, enanso amayamba kuloza zala agogo a m'mudzi. Chikhalirecho nkhaniyi imakhudzanso magazi enieniwo.

Munthu akakumana ndi zoopsa, ubongo umatumiza uthenga ku tiziwalo tiwiri tokhala pamwamba pa impso, ndipo timatulutsa mahomoni a adrenaline ndi cortisol. Ntchito imodzi ya cortisol ndi kuletsa asilikali a m'thupi kuti asapyole muyeso poyambitsa kutupa. Kutupa pakokha si koipa, ndiko kumachititsa bala kufiira, kutentha, kenako n'kuyamba kupola. Zimavuta pamene mavuto sakupereka mpata: ngongole ya feteleza, chimanga chopserera m'munda monga zinachitikira ndi chilala cha 2024, wodwala m'nyumba chaka chathunthu. Cortisol ikamatuluka tsiku ndi tsiku, asilikali aja amasiya kuimvera, monga mmene woyandikana ndi chigayo amasiyira kumva phokoso lake. Akatero amapitiriza kutulutsa timapuloteni totchedwa ma cytokine, monga IL-6 ndi TNF, ndipo thupi limakhala ndi kutupa kwapansipansi kosaoneka ndi maso. Uthenga wa timapuloteni timeneti umafika ku ubongo kudzera m'magazi ndi mu mtsempha wa vagus, ndipo kachigawo ka ubongo kotchedwa amygdala, kamene kamatichenjeza za zoopsa, kamayamba kudzidzimuka ndi zazing'ono. Amene anadwalapo malungo amakudziwa kusafuna nsima kuja, kusafuna kucheza ndi munthu, kukwiya msanga. Zambiri mwa izo amachititsa ndi asilikali athu omwe pamene ali pa nkhondo.

Izi si zongoganizira. Mu 1991, Sheldon Cohen ndi anzake anafalitsa kafukufuku wa anthu odzipereka pafupifupi 400 ku England amene anawathira tizilombo ta chimfine m'mphuno. Amene anali opanikizika maganizo kwambiri ndiwo anadwala mochuluka. Madokotala anaonanso kuti odwala matenda a chiwindi a hepatitis C ambiri amene ankalandira interferon, mankhwala odzutsa chitetezo cha m'thupi, ankagwa mu nkhawa ndi kukhumudwa kwakukulu ngakhale anali asanadwalepo zotere.

Koma kafukufuku amene wandilembetsa kalatayi ndi wa Janice Kiecolt-Glaser wa ku Ohio State University, wa mu 1995. Anatenga amayi osamalira abale awo odwala matenda oiwalaiwala a ukalamba, n'kuwacheka kabala kakang'ono pamkono. Mabala awo anachedwa kupola ndi masiku pafupifupi 9 poyerekeza ndi a amayi amsinkhu wawo amene sankadwazika munthu.

Amayi oterewa kuno sitichita kuwasaka. Ali m'mawodi a zipatala zathu, agona pa chitenje pansi pambali pa bedi, m'mawa achapa zofunda, aphika phala, athamangira mankhwala. Ali m'midzi ya ku Katete, Petauke ndi Lundazi, akusamalira apongozi ofa ziwalo kwinaku munda ukuwadikira. Wobwera kudzazonda amafunsa kuti "agona bwanji odwala?" Wodwazika uja palibe womufunsa. Maliro akachitika, patapita miyezi iyeyo n'kuyamba kudwaladwala, timadabwa n'kumati pali chimene chalowa pakhomo.

Ndichenjeze pano, chifukwa anthu akwathu timawadziwa: wina asathamangire pa kantemba kukagula Brufen kapena diclofenac poti wamva kuti nkhawa imagwirizana ndi kutupa. Si aliyense wa nkhawa amene ali ndi kutupa kotere, ndipo mapiritsi amenewa akamwedwa chimweremwere amayambitsa zilonda za m'mimba ndi kuononga impso. Chothandiza ndi kugona mokwanira, kusinthana pa ntchito yodwazika, ndi kupeza munthu wophunzitsidwa womufotokozera za kumtima.

Dziko lathu lili ndi lamulo la matenda a maganizo la 2019, koma chipatala cha matendawa cha Chainama, ku Lusaka, chili pa mtunda wa makilomita oposa 500 kuchokera kuno, ndipo dzina lake lokha limathawitsa anthu. Ku Harare, Dr Dixon Chibanda anaphunzitsa agogo aakazi kumvetsera anthu ovutika maganizo atakhala pa benchi kunja kwa kiliniki, ndipo zinathandiza. Ife tili kale ndi odzipereka a zaumoyo m'midzi ndi magulu a amayi a m'mipingo oyendera odwala.

Ndikupempha akuluakulu a zaumoyo m'chigawo cha Kummawa kuti magulu amenewa awaphunzitse luso lomwelo. Ndipo namwino akamapima wodwala wa nthawi yaitali, kaya wa TB, wa sitiroko kapena wa khansa, azitembenukiranso kwa amene wabwera naye n'kumufunsa ngati akugona, ngati akudya, ndiponso ngati ali ndi womulandizako ntchito.

Mphunzitsi wopuma pa ntchito,
Kapata, Chipata