Inu a app ya makontrakiti a hockey, bwezani ndalama yanga

Akuluakulu, ndakulemberani kale katatu pa imelo, m'Chingerezi chaulemu, ndipo katatu konseko wondiyankha anali makina, akuti uthenga wafika ndidikire. Ndadikira mpaka sinowo wayamba kugwa. Lero ndabwera pa tsamba lanu lomweli, poyera, ndipo ndalemba m'chinenero changa dala kuti abale anga a ku Malawi amene tili nawo kuno ku Alberta amve bwinobwino, poti awiri mwa iwo ndinawakopa ndekha kuti alembetse kwa inu. Inu batani lomasulira muli nalo, lidindeni.

Mwina mukudabwa kuti mwana wa ku Dedza akutayiranji ndalama pa masewera a pa ayezi. Kwathu timanyadira kuti kuzizira timakudziwa, koma nditafika ku Edmonton ndinazindikira kuti kuja tinkangocheza. Ndimagwira shifiti ya usiku m'nyumba yosungira katundu, ndipo pa buleki ya 2 koloko nkhani patebulo imakhala imodzi yokha, Oilers, timu ya hockey ya kuno ku Edmonton. Ngati hockey suidziwa, tiyi wako umamwera wekha pakona. Kutsetsereka pa ayezi kunandikana, ndinayesa kamodzi chiuno n'kundiuza kuti basi. Koma kumudzi ndinagwirapo ntchito ya maakaunti, ndiye ndinalowera khomo la manambala. Anzanga akamakangana za zigoli, ine ndimatulutsa foni n'kuwauza kuti uyu akudya zingati, zatsala zaka zingati.

Abale amene mukuwerenga muli kumudzi, musaganize za mpira wamiyendo, kumene timu yolemera imangolemba cheke n'kutenga amene yamufuna. Mu NHL, ligi yaikulu ya hockey ya ku Canada ndi America, wosewera sagulidwa ndi ndalama. Kale zinkatheka. Mu Ogasiti 1988, Wayne Gretzky akuchoka ku Oilers kupita ku Los Angeles Kings, madola 15 miliyoni anali mbali ya malondawo, ndipo achikulire akuno mpaka lero nkhaniyo amaikamba motsitsa mawu. Masiku ano ndi msinthano basi, wosewera kwa wosewera, kapena kwa ma pick, omwe ndi malo osankhira achinyamata pa draft. Pamwamba pa apo timu iliyonse ili ndi denga la malipiro, salary cap, lomwe linabwera mu 2005 sizoni yonse ya 2004-05 itafera m'mazira chifukwa cha mkangano wa eni matimu ndi osewera. Linayambira pa madola 39 miliyoni. Sizoni ya 2024-25 linali pa 88 miliyoni, ya 2025-26 pa 95.5 miliyoni, ndipo analengeza kuti likwera kufika 104 miliyoni mu 2026-27, kenako 113.5 miliyoni mu 2027-28. Onsewa ndi madola a ku America, ngakhale kwa matimu a ku Canada. Ndiye mtengo wa wosewera uli pa gawo la dengalo limene akudya, zaka zomwe zatsala pa kontrakiti yake, komanso ngati ali ndi mphamvu yokana kusamutsidwa. Zigoli zimabwera pamodzi ndi zimenezi, sizimayenda zokha.

Zonsezi tinkaziona ulere pa CapFriendly, mpaka Washington Capitals itagula tsambalo mu 2024 n'kulitseka kwa anthu wamba. Nthawi imeneyo m'pamene munatulukira inu ndi malonda anu, akuti app yanu ili ndi makontrakiti onse komanso makina oyesera msinthano. Ndinalipira za chaka chathunthu.

Ndiyambe ndi zomwe zinandichititsa manyazi. Usiku wina mwezi wathawu tinkakamba za Darnell Nurse, wotchinga kumbuyo wathu amene anasaina zaka 8 pa madola 74 miliyoni, ndiye kuti 9.25 miliyoni pa denga chaka chilichonse. Kuno dzina limeneli likatchulidwa aliyense amaika kapu pansi. Ine ndinali nditakhala maola awiri masana, m'malo mogona, ndikusanja msinthano pa makina anu: Nurse kupita ku timu ina ya kum'mawa, ife n'kulandira achinyamata awiri otchipa. Makina anu anaika chizindikiro chobiriwira, akuti zatheka. Ndinaimirira ndithu, foni m'mwamba, kulongosola ngati mlaliki wa pa depoti. Mkulu wina woyendetsa forklift, wobadwira konkuno ndipo Gretzky anamuonera ndi maso ake, anandisiya ndimalize. Anapukuta nyenyeswa za buledi pa ndevu, n'kufunsa mofatsa kuti, "Nanga mwini wake Nurse mwamufunsa?" Tebulo lonse linafa nako kuseka. Kontrakiti ya Nurse ili ndi no-movement clause, chiganizo chonena kuti timu singamusunthe iye asanavomere. Mwana wa sukulu wa ku Edmonton amadziwa zimenezi, ine ndemwe ndinali nditazimvapo, koma ndinakhulupirira app yolipira kuposa mutu wanga. Pa tsamba la Nurse pa app yanu malo a chiganizochi ndi oyera mbee. Mawa lake ndinagulira shifiti yonse madonati, chindapusa cha bodza lanu.

Musanene kuti ndi kanthu kakang'ono. Taonani Mitch Marner. Anapanga mapointi 102, kuphatikiza zigoli zake ndi zomwe anathandizira anzake, sizoni ya 2024-25, koma pochoka ku Toronto kupita ku Vegas, timu yake ya ku Torontoyo, Maple Leafs, inalandira munthu mmodzi yekha, Nicolas Roy. Kontrakiti ya Marner inali itafika kumapeto, ndipo nthawi imene akanatha kumusinthanitsa pa mtengo wabwino, chiganizo chomwechi chinali chitamanga timu manja. Makina amene sadziwa izi angauze munthu chiyani za mtengo?

Nditapsa mtima ndinakhala pansi ndi kope n'kuyamba kuwerengera tsamba la Oilers mzere ndi mzere, ngati mmene ndinkachitira ndi mabuku a kusitolo. Ndinapeza kuti mumaonetsa mpata pa denga umene kulibe. Jack Campbell munamufufuta. Inde, goloboyi ameneyu anachoka, koma ndalama yake sinachoke. Anasaina zaka 5 pa madola 25 miliyoni mu Julayi 2022, zinthu sizinayende, ndipo mu Juni 2024 timu inachita buyout, kutanthauza kuthetsa kontrakiti pomulipira, zitatsala zaka zitatu. Lamulo limati kwa wosewera wa msinkhu wake timu imalipira magawo awiri mwa atatu a ndalama yotsalayo, ndipo imaimwaza pa zaka zowirikiza kawiri. Ndiye kuti dzina la Campbell likhala likudya pa denga lathu zaka 6, mpaka 2030. Ili ngati ngongole ya maliro, mwini wake anapita koma mwezi ukatha akubwerabe odzatolera. Inu mwangoichotsa m'buku ngati kuti yakhululukidwa.

Pomwe ndinatsimikiza kuti nambala yanu ya "mtengo wa wosewera" ndi yongopeka ndi pa Mikko Rantanen, ndipo apa mundilole ndikhalitsepo chifukwa nkhani yake ndi sukulu payokha. Munthu mmodzi yemweyo anasinthidwa kawiri m'masabata asanu ndi limodzi. Pa 24 Januwale 2025 Colorado inamutumiza ku Carolina, poopa kuti kontrakiti yake ikatha mu Juni achoka ulere. Colorado inalandira Martin Necas, Jack Drury ndi ma pick. Koma Carolina inalibe malo okwanira a 9.25 miliyoni yake, ndiye analowetsapo timu yachitatu, Chicago, yomwe inasenza theka la malipiro a munthu amene sanaivalire yunifolomu ngakhale tsiku limodzi. Lamulo limalola kusenza mpaka theka, ndipo timu imodzi singasenze makontrakiti oposa atatu nthawi imodzi. Mpata wosagwiritsidwa ntchito pa denga nawo ndi katundu wogulitsa, Chicago inagulitsa umenewo. Pa mbiri ya msinthanowu app yanu imaonetsa Carolina itasenza 9.25 miliyoni yonse, Chicago osaonekapo n'komwe.

Kenako pa 7 Malichi, tsiku lotseka misinthano, Carolina itaona kuti munthuyu sasaina, inamutumiza ku Dallas n'kulandira Logan Stankoven, ma pick awiri a ndime yoyamba ndi ena awiri a ndime yachitatu. Dallas sinapereke zonsezi chifukwa Rantanen anali atasintha kaseweredwe m'masabata amenewo ayi, ku Carolina zigoli zinali zikumuvuta. Inapereka chifukwa anabwera ndi siginecha, zaka 8 pa madola 96 miliyoni. Wosewera wa miyezi itatu ndi wosewera wa zaka 8 ndi katundu wosiyana, ngakhale nkhope ikhale imodzi. Pa girafu yanu mzere wa mtengo wake kuyambira Januwale mpaka Malichi ndi wowongoka ngati msewu wa ku Saskatchewan. Zomwe zinatsatira mukuzidziwa, mu Meyi anakumana ndi Colorado yomweyo pa gemu ya 7 ya ndime yoyamba ya chipulula, n'kuimwetsa zigoli zitatu m'chigawo chomaliza. Izo zilibe kanthu ndi dandaulo langa, ndangozikumbuka chifukwa mlamu wanga amasapota Colorado.

Za Philip Broberg ndi Dylan Holloway sindikufuna kunena zambiri, bala lake silinapole. Mu Ogasiti 2024 St. Louis Blues inawapatsa onse awiri tsiku limodzi ma offer sheet, makontrakiti okopera achinyamata a timu ina amene awo atha, Broberg pafupifupi 4.58 miliyoni pachaka, Holloway 2.29 miliyoni, ndipo Oilers inali ndi masiku 7 kuti ipereke ndalama zomwezo, apo ayi iwataye. Denga linali litadzaza kale, mwa zina chifukwa cha Jeff Skinner ndi Viktor Arvidsson omwe anali atangosaina kumayambiriro a Julayi. Anyamata anapita, chipukuta misozi chomwe malamulo amatchula chinali pick ya ndime yachiwiri ndi ya ndime yachitatu. Holloway anakagoletsa zigoli 26 sizoni yomweyo. Pa app yanu achinyamata otere amakhala pansi penipeni pa mndandanda wa mtengo, chifukwa choti malipiro awo ndi ochepa, pomwe kuchepa kwa malipiroko ndiye chuma chake.

Apa m'pamene pagona vuto lanu lenileni. Ndayang'ana mndandanda wanu wonse, ndipo ndaona kuti wolandira zambiri ndiye mumamuika pamwamba. Kumapeto kwa Seputembala 2025 Kirill Kaprizov anasaina ndi Minnesota Wild zaka 8 pa madola 136 miliyoni, 17 miliyoni pachaka. Patangopita sabata Connor McDavid anawonjezera zaka ziwiri ku Edmonton pa 12.5 miliyoni, ndalama yomweyo imene anasainira mu 2017, yocheperanso kwa ya mnzake Leon Draisaitl amene ali pa 14 miliyoni. Tsiku lomwelo app yanu inakweza Kaprizov pamwamba pa McDavid. Tengani kakyuleta. Kontrakiti ya 2017 ija itayamba kugwira ntchito mu 2018 denga linali 79.5 miliyoni, ndiye McDavid ankadya pafupifupi 16 peresenti. Pa denga la 104 miliyoni, 12.5 yomweyo ndi 12 peresenti yokha, pamene Kaprizov adzadya yoposa 16. Wosewera wabwino kuposa onse padziko watchipa, wasiyira timu ndalama yoti ikapezere anthu omuthandiza titagonja kawiri motsatizana kwa Florida Panthers pa fainolo ya Stanley Cup, mu 2024 ndi mu 2025. Inu mwawerenga zimenezi ngati kuti mtengo wake watsika. Ngati pali munthu wa hockey mmodzi yekha mu ofesi mwanumo, ndikupempha kuti mumuonetse ndime imeneyi.

Tsopano za m'thumba mwanga. Chaka choyamba chitatha mu Ogasiti, munadzitengera nokha ndalama ya chaka chachiwiri pa khadi langa, osandichenjeza, ndipo mutakwezanso mtengo ndi madola 20. Ndinazionera pa sitetimenti ya kubanki. Batani losiyira kulembetsa ndalifufuza paliponse, likundipititsa ku tsamba lomwe limandibweza pomwe ndayambira. Ndalama imeneyo kwa inu ndi yochepa, koma ikasinthidwa kukhala makwacha imagulira mayi anga zinthu zooneka ndi maso.

Ndikufuna mundibwezere ndalama ya chaka chachiwirichi yonse, ndipo muchotse khadi langa m'makina mwanu. Abale awiri amene ndinawakopa aja alemba okha, ndawatumizira kale zithunzi zonse zomwe ndinajambula pa foni, tsamba la Nurse, la Oilers lopanda Campbell, ndi girafu ya Rantanen. Ngati mukufunabe kugulitsa app imeneyi kwa ena, ikani ziganizo zoletsa kusamutsa pa tsamba la wosewera aliyense, bwezeretsani ngongole za buyout, onetsani timu imene yasenza theka, ndipo makina oyesera aja muwazimitse kufikira mutawakonza. Andiyankhe munthu, wokhala ndi dzina, pansi pa uthenga uno kapena pa imelo. Lachisanu likadutsa ndili chete chonchi ndipita kubanki kukatsutsa ndalamayo, mapepala ake ndadzaza kale. Pakadali pano ndikamalowa pa shifiti, mkulu wa forklift uja amaimitsa makina ake, n'kukweza dzanja, n'kundifunsa pamaso pa anthu ngati Nurse wavomera.