Kalata kwa Amalume ku Mangochi: Musagulitse Ukonde

Sendai, Japan

Okondedwa Amalume,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi amayi ndi ana onse pakhomopo. Ine kuno ndili bwino, kuzizira kunatha, ndipo ntchito ndinayamba mu April, pakuti chaka cha maphunziro kuno chimayamba mwezi umenewo.

Amayi anandiuza pafoni kuti mukulingalira zogulitsa ukonde wa chilimira ndi injini ya boti kuti mupereke ndalama kwa munthu wina amene walonjeza kupezera mphwanga viza yodzagwira ntchito kuno. Tsiku limenelo netiweki inali kudukaduka, ndipo nkhani yotere si yokambirana mothamanga, nchifukwa chake ndasankha kulemba. Ndikudziwa kuti ndinu mwini mbumba ndipo mawu otsiriza ndi anu, koma ndikukupemphani modzichepetsa kuti mumve kaye mmene ine ndinayendera musanagulitse chilichonse.

Choyamba kupezeka sichinali viza, inali ntchito. Ndinaiona pa JREC-IN, pamene mayunivesite a kuno amalengezapo malo a ntchito pa intaneti, ndipo ndinatumiza digiri yanga yoyamba ya ku Chancellor College ku Zomba, digiri yachiwiri ya masitazi, makalata otsimikiza zaka zimene ndakhala ndikuphunzitsa Chingerezi, ndi zolemba zanga za kafukufuku. Malo ambiri sanandiyankhe nkomwe, ndipo zimenezi zinanditengera nthawi yoposa chaka. Amene anayankha anandifunsa mafunso kudzera pa kompyuta. Mukukumbukira usiku uja ndinavala tayi 3 koloko m'bandakucha, tambala asanalire? Kuno nthawi ili patsogolo ndi maola 7, choncho kwa iwo inali 10 koloko m'mawa.

Atandilemba ntchito, yunivesite yomweyo ndiyo inapita ku ofesi yoona za anthu olowa ndi kutuluka m'dziko la Japan kukandipemphera chikalata chotchedwa Certificate of Eligibility. Apa ndi pamene pagona nkhani yonse, Amalume. Chikalatachi chimatuluka kuno ku Japan, osati ku Mangochi, ku Blantyre kapena ku Joni, ndipo amene anakachipempha ndi abwana anga, atasonyeza ntchito imene ndidzagwire, malipiro anga ndi maphunziro anga. Chimatenga mwezi umodzi mpaka itatu kuti chituluke, ndipo chikatuluka chimagwira ntchito kwa miyezi itatu yokha, kutanthauza kuti munthu ayenera kukhala atalowa m'dziko nthawiyo isanathe. Ine sindinalipire yunivesite ngakhale tambala imodzi pa chikalatachi. Nditachilandira ndinapita ndekha ku ofesi ya kazembe wa Japan ku Lilongwe ndi pasipoti, chithunzi ndi fomu, ndinalipira ndalama yokhazikitsidwa ndi boma lawo, ndipo patatha masiku ochepa anandimatira viza m'pasipoti. Panalibe dobadoba pakati, ndipo panalibe amene anandiuza kuti tikumane kuseri kwa sitolo.

Ndinakwera ndege ku Lilongwe kudzera ku Addis Ababa mpaka ku Narita, ndipo pabwalo la ndege pomwepo anandipatsa khadi lotchedwa zairyu, limene lamulo limati ndiziyenda nalo paliponse. Nditapeza nyumba ndinayenera kukalembetsa adiresi yanga ku ofesi ya mzinda pasanathe masiku 14. Pa khadilo panalembedwa mtundu wa chilolezo changa, chimene ndi cha ophunzitsa ku yunivesite, ndi tsiku limene chidzathere. Kuno chilolezo chimamangidwa pa mtundu wa ntchito: wophunzitsa Chingerezi ku yunivesite ali ndi chake, wa ku sekondale ya boma ali ndi china, wa ku sukulu ya kampani yophunzitsa zilankhulo alinso ndi china. Ngakhale ine amene ndili ndi mapepala onse, sindingathe kukagwira ganyu m'sitolo madzulo popanda kupempha chilolezo chapadera.

Tsono munthu wanuyo mumufunse mafunso atatu pamaso pa mphwanga. Kodi kampani kapena sukulu imene yamulemba ntchito dzina lake ndani? Kodi kalata ya mgwirizano wa ntchito ili kuti? Kodi Certificate of Eligibility yokhala ndi dzina la mphwanga ili kuti? Ngati ayamba kuzungulira, dziwani kuti mwina alibe kalikonse, kapena akufuna kumupezera viza ya mlendo wodzacheza. Viza imeneyo siipitirira masiku 90 ndipo siilola munthu kugwira ntchito yolipidwa. Wopyola masiku ake amagwidwa, amatsekeredwa, amabwezedwa kwawo, ndipo amaletsedwa kulowanso kwa zaka zisanu. Kwathuko taona kale anyamata ochuluka akubwerako ku Lindela, kumene amatsekera anthu opanda mapepala ku South Africa, ndi kachikwama ka m'manja kokha, makolo awo atagulitsa munda kuti awapezere ya thiransipoti. Ku Joni munthu atha kubwerako pa basi. Kuno pakati pali nyanja zazikulu, ndipo munthu wopanda mapepala sapeza nyumba, akaunti ya kubanki kapena inshuwalansi ya kuchipatala.

Sindikunena izi pofuna kutsekera mphwanga njira. Mtima wanga umawawa ndikaganiza kuti anakhoza bwino MSCE koma akungokhala kugombe kudikira maboti. Chimene ndingathe ndi ichi: kuyambira kumapeto kwa mwezi uno ndizitumiza fizi kuti ayambe maphunziro a uphunzitsi kapena ntchito ina ya manja imene angasankhe yekha. Pasipoti akapangitse yekha ku ofesi ya Immigration, ndipo risiti aisunge. Akadzakhala ndi pepala m'manja, ndidzamuthandiza kufunafuna ntchito yeniyeni ndi kulemba makalata ofunsira, ngakhale sindingalonjeze kuti idzakhala ya kuno, chifukwa nanenso mgwirizano wanga ndi wa chaka chimodzi ndipo umawonjezedwa ndikagwira bwino.

Ukondewo ndi umene unandilipirira fizi ku sekondale, ndipo ndi umene ukudyetsa amayi lero. Ukapita, usipa wa chaka chino tidzaugula kwa anzathu pamtengo wa pamsika. Anzanga a kuntchito ndikawauza kuti mlatho wa Bakili Muluzi pa Shire unamangidwa ndi thandizo la dziko lawo amakondwa kwambiri, ndipo mmodzi akufuna kudzaona nyanja yathu; ndikufuna kuti akadzafika adzakwere boti lanu lili ndi injini yake.

Mundiyankhe mukakambirana ndi amayi, ndipo kalatayi mumuwerengere mphwanga yonse, osadumpha gawo la fizi. Loweruka likubwerali ndidzaimba foni 1 koloko masana nthawi ya kwanuko, iye adzakhalepo. Mundiperekere moni kwa agogo ndi kwa onse a pamudzi.

Ine wanu,
Mwana wa mlongo wanu